Funsani a Makaniko: pickup yakhala pansi kumbuyo, tisinthe masipuling'i kapena tisiye a fakitale?

FUNSO: A Makaniko, ndine mayi wa pa Dedza boma. Ine ndi abambo akunyumba tili ndi Hilux double cab ya 2012, nde tagula kanyumba kogonamo kaja amakweza kumbuyo kwa pickup, camper, kwa alendo ena amene amabwerera kwao. Tikufuna tizitenga alendo kukaona zojambula za pa miyala ku Chongoni kenako kutsikira ku Mua mpaka kunyanja. Ogulitsawo anati kamalemera 600 kg. Chikwezereni galimoto yakhala pansi kumbuyo, usiku magetsi akuwala m'mitengo ndipo pa kona imapendama mochititsa mantha. Abambo akuti tigule kit ya masipuling'i ndi ma shock ya Old Man Emu, alamu anga akuti za fakitale sasintha, a Toyota ankadziwa chomwe akuchita. Olondola ndani?

YANKHO: Mayi, pa nkhani ya masipuling'i yokhayo ine ndili mbali ya abambo akunyumba, koma ndalama musatulutse kaye, pali nambala imene onse awiriwo sanaitchule.

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa chipilala chija, mukapanda kupeza yang'anani mu boneti, pali kachitsulo kapena kasitika kolembedwa manambala a kulemera. Nambala yofunika pamenepo ndi GVM, kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kufika, galimotoyo payokha, anthu, mafuta, katundu, zonse pamodzi. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu chotsalacho ndiye katundu wanu, ndipo ma double cab ambiri a saizi imeneyi chotsalacho chimasewera chapafupi ndi tani imodzi, nthawi zambiri kuchepera. Tiyerekeze kuti kwa inu ndi 900 kg. Camper yadya 600. Anthu anayi a 70 kg aliyense ndi 280. Mwatsala ndi 20 kg mayi, ndipo simunathire madzi mu thanki ya camper, lita imodzi ndi kilo imodzi paja, simunakweze filiji, silinda ya gasi, batire yachiwiri, zikwama za alendo zija zimakhala ngati akusamuka. Komanso 600 ya ogulitsa kawirikawiri imakhala ya camper yopanda kanthu mkati. Nde choyamba pakirani zonse mmene mungapakire pa ulendo weniweni, thanki fulu, mupite pa sikelo ya malole monga za kumakampani ogula mbewu, mupemphe akuyezereni kutsogolo payekha kumbuyo payekha. Ekiselo iliyonse ili ndi malire ake ndipo yakumbuyo ndi imene imayamba kupyola malire ake, GVM isanakwane nkomwe.

Tsopano alamu anuwo sakunama kuti a Toyota ankadziwa chomwe akuchita. Koma iwo ankapangira munthu amene lero wanyamula simenti mawa akupita ku tchalitchi galimoto ili yopanda kanthu. Nchifukwa chake mukasuzumira pansi muona masipuling'i opyapyala angapo pamwamba, kenako pansi pake pali lonenepa lalifupi limene limangokhala osagwira ntchito mpaka galimoto italemedwa. Camper ikakhala pamenepo tsiku ndi tsiku ndiye kuti galimoto yakhalira lonenepa lija nthawi zonse, mpata wotsala pakati pa ekiselo ndi kamphira koletsa kugunda kaja ndi wochepa kwambiri, mukamenya dzenje basi ekiselo yagunda mphira, mphamvu yonse yapita ku chasisi. Masipuling'i nawo amatopa, amawongoka, mapeto ake limodzi limathyoka.

Amakampani ngati Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onsewa ndi a ku Australia, amagulitsa masipuling'i potengera katundu amene sachoka pa galimoto. Amalemba kuti awa ndi a galimoto yoyenda yopepuka, awa ndi a katundu wokhazikika wa makilo akutiakuti. Apa mpamene sikelo ija ikuthandizeni, mugula ofanana ndi kulemera kwanu kwenikweni osati amene wamushopu ali nawo pa shelefu. Galimoto idzadzuka kumbuyo, magetsi adzabwerera pa msewu, chiwongolero chidzasiya kupepuka. Kuipa kwake ndi kwakuti tsiku limene mwatsitsa camper galimoto idzadumpha ngati ngolo ya ng'ombe, alendo adzamva msana. Ngati camper mukweza miyezi iwiri yokha pa chaka, masipuling'i olimba kwambiri mudzawada.

Ndipo muwauze abambo asatengeke ndi zokweza galimoto m'mwamba. Ma kit ambiri amakweza ndi masentimita 4 kapena 5, zimaoneka bho pa chithunzi, koma camper yakweza kale kulemera m'mwamba, inu mukufuna galimoto ikhale yowongoka basi. Kupendama pa kona kumachepa ndi ma shock abwino, kuika zolemera pansi komanso kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndi kuchepetsa liwiro.

Chimene kit siingasinthe ndi nambala ya pa kachitsulo ija. Mabuleki ndi omwewo, ma bearing ndi omwewo, ekiselo ndi chasisi ndi zomwezo. Njira yanuyo mukuidziwa, Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe nyanja siifika ndi 500 yomwe, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa Khwekhwerere popita ku Golomoti, makona okhaokha. Galimoto yolemera mopyola imatenthetsa mabuleki pamenepo kaya masipuling'i ndi a ndalama zingati. Tsikani ndi giya yaikulu mphamvu, 2 kapena 1 pamene, injini izigwira galimoto. Komanso poti muzinyamula anthu olipira, kafotokozereni a inshuwalansi zonse, camper ndi zosinthazo, ndipo mufunse ku Road Traffic za mapepala ake. Sikelo ikaonetsa kuti mwapyola, chepetsani katundu kapena alendo, apo ayi camper imeneyo ikufuna single cab kapena Land Cruiser 79.

FUNSO: Ine ndi bambo wa pa Lizulu, ndimatenga kachewere ndi kabichi kupita nazo ku Lilongwe pa Nissan Hardbody single cab. Anyamata a pa galaja anandiwonjezera masipuling'i awiri mbali iliyonse ochotsa ku lole yaing'ono. Galimoto siikhalanso pansi olo ndikweze matumba 25, koma bawuti ya pakati yaduka kawiri ndipo ikakhala yodzadza siima msanga. Analakwitsa pati?

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi matumbawo. Matumba 20 a 50 kg ndi tani imodzi, pamenepo Hardbody yakhuta kale. Inu mukuti 25, ndipo tonse tikudziwa matumba a kachewere a pa Lizulu ndi pa Tsangano turn-off, osokerera aja mutu uli pamwamba, palibe la 50 kg pamenepo. Kale galimoto inkakuuzani yokha pokhala pansi kuti akulu basi zakwana. Anyamatawo aitseka pakamwa.

Kuwonjezera sipuling'i pakokha si tchimo, ndi njira yotchipa ndipo imagwira ikachitidwa bwino. Koma likhale la m'lifupi mofanana ndi anzake komanso lopindika mofanana, ndipo limodzi mbali iliyonse limakwana. La lole ndi louma kwambiri, silipindika limodzi ndi anzake nde mphamvu imakasonkhana pamene ilo lathera, sipuling'i lalikulu lapamwamba lija limathyokera pompo. Likathyoka limenelo ekiselo imasuntha chifukwa ndi lomwe limaigwira ku chasisi.

Za bawuti ya pakati, nthawi zambiri wolakwa si bawutiyo. Ntchito yake ndi kungosonkhanitsa masipuling'i ndi kuwakhazika pamalo, amene amamanga zonse ndi ma U-bolt. Akabwezera ma U-bolt akale omwe anatamuka kale, kapena afupikira poti mtolo wanenepa, masipuling'i amayamba kusewera ndipo bawuti imadulidwa. Gulani ma U-bolt atsopano aatali bwino, amangidwe mokwanira, mukayenda maulendo angapo oyamba mubwererenso akakungitse. Mabawuti a pa mabushi amangidwe galimoto itatsitsidwa pa jeke yaima pa matayala ake, akamanga ili m'mwamba mabushi amapotoka nkung'ambika msanga. Ndipo wina asakuuzeni zowotcherera sipuling'i kapena kuliwotcha ndi gasi kuti alipinde, moto umapha chitsulo chimenecho.

Za mabulekizo mvetserani bwino. Ma pickup ambiri akale ali ndi kavalavu kumbuyo kolumikizidwa ku ekiselo ndi kachitsulo kapena kasipuling'i. Galimoto ikatsika ndi katundu kavalavuko kamatsegulira mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo, ikakhala m'mwamba kamachepetsa kuti matayala asakhwekhwerezeke. Inu mwaumitsa kumbuyo, galimoto siitsika, kavalavu kakuganiza kuti mulibe katundu pomwe mwasenza tani ndi theka. Mabuleki akutsogolo akugwira ntchito okha. Pitani kwa makaniko wodziwa akakaone ndi kukasintha malinga ndi mmene galimoto yakhalira pano, osati kukachotsa kapena kukamanga ndi waya ayi.

Matayala muwaonenso. Pambali pa tayala pali nambala, 195R14C lolembedwa 106 limanyamula 950 kg likapopedwa mpweya wokwana umene walembedwa pompo. Awiri akumbuyo ndi 1,900 kg, ndipo mmenemo muli kale kulemera kwa galimotoyo kumbuyo. Matayala a kaunjika opanda C aja a galimoto zing'onozing'ono asayandikire pickup ya kachewere, M1 ikatentha masana amaphulika.

FUNSO: Akulu, ndine mnyamata wa pa Ntcheu boma. Ndaona pa Facebook tima air bag toika pakati pa chasisi ndi ekiselo, ukalemedwa umangopopa. Ine kumbuyo kwa D-Max double cab ndinamangirira thanki ya madzi ndi jenereta pa chitsulo chotulukira kunja kwa bodi. Si yankho limeneli?

YANKHO: Achimwene, ma air bag ngati a Firestone kapena Air Lift ndi abwino kwa munthu amene katundu wake amasinthasintha, lero wolemera mawa palibe, umapopa kapena kuphwetsa nkuwongola galimoto. Othandizira masipuling'i basi, pang'ono. Koma pa galimoto yanuyo mmene mwaifotokozera ine ndikukaniza.

Sipuling'i imagwira chasisi malo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo, nde katundu amagawika. Air bag imakankha malo amodzi pamwamba pa ekiselo, malo amene sanapangidwire kusenza nthawi zonse. Mukaipopa kwambiri pamenepo pamasanduka potsamira, katundu wotulukira kumbuyo uja akukokera pansi, injini ndi cab zikukokera pansi mbali inayo, mukamenya bampu ndi liwiro chasisi imapindika pakati pa cab ndi bodi. Ku Australia ma double cab onyamula ma camper apindika motere ndithu, ena olo opanda air bag, chifukwa gwero lake ndi katundu wokhala kutali kumbuyo.

Tawerengani nokha. Pa ma pickup awa kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamita atatu ndi pang'ono. Mukaika 100 kg mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, ekiseloyo imamva ngati 130 kg ndi kakusefukira, ndipo 30 yowonjezerayo yachotsedwa ku matayala akutsogolo, omwe ndi okhotetsa ndi kuimitsa galimoto. Double cab bodi yake yambiri ili kale kumbuyo kwa ekiselo, inu nkuwonjezeranso chitsulo kunja. Dulani chitsulocho, thanki ya madzi isunthire kukagunda ku cab, jenereta pambali pake. Mukatero mwina mupeza kuti air bag simukuifunanso, ndipo mukaikabe popani mbali iliyonse ndi paipi yakeyake, mukalumikiza pamodzi mpweya umathawira mbali imodzi pa kona galimoto nkupendama kwambiri.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa ku Bembeke. Pickup yanga yatsika kumbuyo olo ilibe katundu, wamushopu akuti ndigule ma shock a gasi idzuka. Zoona?

YANKHO: Ayi aphunzitsi, akufuna agulitse. Shock wamba sanyamula galimoto, ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha sipuling'i ikagwedezeka. Yatsika ilibe katundu ndiye kuti masipuling'i atopa kapena limodzi lathyoka mkati mwa mtolo, yang'anani mzere wa dzimbiri kapena mng'alu pafupi ndi ma U-bolt, muonenso mabushi ndi ma shackle, tizitsulo tolumikiza sipuling'i ku chasisi kumbuyo. Kwa inu amene simunyamula zolemera tsiku lililonse a fakitale ndiwo abwino, gulani ofanana ndi amene anabwera ndi galimoto ndipo musinthe mbali zonse ziwiri. Ma shock musinthe ngati akudontha oyilo kapena galimoto ikupitiriza kuvina mukadutsa bampu, KYB, Monroe kapena Gabriel akukwanirani, awiriawiri, bola muonetsetse kuti si achinyengo poti mabokosi a mayina amenewa amakoperedwa kwambiri.