Modemu ikulandira koma BUC yangoti zii: yambani mwaona 10 MHz

Achimwene, mwati modemu yanu ya satelayiti ikulandira bwinobwino, Rx (mbali yolandira) yaloka, kutanthauza kuti yagwira siginolo, koma a ku hub (siteshoni yaikulu imene mumalumikizana nayo) sakuona carrier wanu (siginolo imene mumatumiza) ndipo BUC (chipangizo cha pa dishi chokweza frequency ndi mphamvu ya siginolo yopita ku satelayiti) ikuonetsa alamu. Mwatinso Tx clock (clock ya mbali yotumiza) mwaisintha kangapo osaona kusintha. Isiyeni kaye imeneyo, ilibe mlandu.

Mu modemu muli zinthu ziwiri zimene ambirife timazisokoneza chifukwa zonse timangoti clock. China ndi frequency reference, 10 MHz ija, imene zipangizo zimatsatira kuti frequency ikhale yolondola. China ndi clock ya data, imene imayendetsa ma bit pa interface, polumikizira modemu ndi zipangizo zanu za data. Mmene mwafotokozeramu, vuto lanu lili pa choyambacho.

Ma BUC ambiri sadziyimira paokha. Amadikira 10 MHz kuchokera ku modemu, ndipo imadutsa m'chingwe chomwecho cha Tx limodzi ndi L-band (siginolo yotuluka mu modemu) ndi magetsi a DC. Ikasowa, BUC siiloka, ndipo imangodzitseka pakamwa osatumiza kanthu. Ndiye mu modemu lowani pa menu ya BUC kapena ODU (zipangizo zakunja za pa dishi) muone ngati 10 MHz ili ON. Musapusitsidwe ndi kufunda kwa BUC mukaigwira. DC ndi 10 MHz zimayatsidwa padera, ndiye ikhoza kumadya magetsi koma reference palibe.

Ngati ili ON kale, tsatani chingwe ndi dzanja kuchokera kumbuyo kwa modemu mpaka pa dishi. Ine ndinataya tsiku lathunthu, kukwera ndi kutsika padenga, mpaka kusintha BUC yabwinobwino. Kumapeto ndinapeza kuti wina anaika kasipilita (kogawa siginolo) pakati pa chingwe, kobisika kuseri kwa raki. Kamadutsitsa L-band ndi DC, koma 10 MHz ayi. Nditakachotsa, alamu inazima nthawi yomweyo. Zotetezera mphezi zina zilinso ndi khalidwe lomweli.

Tsopano pa menu ya Reference penipenipo mu modemu. Ngati kumbuyo simunalumikize gwero lina, monga wotchi ya GPS, siyani pa Internal. Mukasankha External, iuzeni modemu chimene mukuipatsadi, chifukwa ma modemu ambiri amalandira 1, 2, 5 kapena 10 MHz. Ndipo musamaseweretse malo osinthira reference ya mkati popanda choyezera. BUC ya Ku-band yokhala ndi LO (local oscillator, frequency imene BUC imawonjezera pa siginolo ya modemu) ya 13050 MHz imachulukitsa 10 MHz ija ka 1305, choncho kulakwa kwa 1 Hz pansi pano kumakhala 1305 Hz kumwambako. Modemu ikangoyatsidwa kumene, ipatseninso mphindi zingapo kuti oscillator itenthe ndi kukhazikika.

LO yomweyo muione pa chomata cha pa BUC, musaganizire. Ngati a ku hub anakupatsani 14250 MHz kuti mutumizirepo ndipo LO ndi 13050, modemu itulutse 1200 MHz. Ma BUC a extended Ku amakhala ndi 12800. Mukasokoneza ziwirizi, carrier wanu amakagwera kutali ndi 250 MHz, m'munda mwa eni ake, ndipo foni yochokera ku hub siikhala yaulemu.

Za interface simunanene kuti ndi iti. Ngati ndi Ethernet, nkhani ya clock ya data iiwaleni. Ngati ndi V.35, RS-422 kapena G.703, mwini clock akhale mmodzi pa linki yonse. Kawirikawiri mbali imodzi imakhala pa Internal, kapena imatenga clock ku chipangizo chapansi, ndipo inayo imaikidwa pa loop timing kuti izingotsatira zimene ikulandira. Mbali zonse zikakhala pa loop, aliyense amadikira mnzake. Bafa ya Rx (posungira data kwakanthawi) musaichepetse kwambiri, chifukwa satelayiti siima chilili, imasuntha pang'ono tsiku lililonse, koma mukaikulitsa mopitirira muyezo mwawonjezera kuchedwa.

Musanamasule chingwe cha Tx, zimitsani DC, chifukwa pamenepo pamakhala 24 V kapena 48 V ndipo kawaya kapakati kakakhudza thupi la konekita mwawotcha. Tx nayo ikhale OFF mpaka a ku hub akuloleni. Mukayesa, tiuzeni mtundu wa BUC ndi mawu enieni amene alamu ikulemba.