Mafunso a Owerenga: Kuweta ndi Kuswetsa Clownfish Pakhomo

Ndimaweta mbuna, koma pano mtima wakhumbira clownfish, tinsomba taolenji ta mizere itatu yoyera tija. Kodi ndingangothira mchere wa kukhitchini m'thanki yomweyi?
*Wowerenga wa ku Durban*

Ayi ndithu, mungaphe zonse ziwiri. Mbuna ndi za madzi opanda mchere a m'nyanja ya Malawi, pomwe clownfish kwawo ndi m'matanthwe a korali a m'nyanja za Indian ndi Pacific. Mtundu wina, allardi, umapezeka kugombe la Mozambique. Mchere wa ndiwo ulibe calcium ndi magnesium zimene madzi akumeneko ali nazo.

Pezani thanki ina ya malita osachepera 80. Gulani mchere wa nsomba za m'nyanja, muusungunule m'madzi osefedwa ndi makina a RO (ochotsa mchere ndi zonse zosungunuka m'madzi), magalamu 35 mpaka 40 pa lita, mpaka refractometer, kachida koyezera mchere m'madzi, iwerenge 1.025. Hita ikhale pa madigiri 26. Kenako dekhani milungu 4 mpaka 6 musanaikemo nsomba, kuti mabakiteriya odya ammonia, poizoni wochokera m'ndowe za nsomba, achulukane m'miyala ndi m'sefa. Ambiri amagwa pomwepa: amathamangira kuikamo nsomba, ndipo pakutha sabata mphuno zake zopumira zimakhala zitapsa ndi ammonia. Madzi akaphwera onjezerani opanda mchere, chifukwa mchere suuluka ndi nthunzi. Ngati kwanuko magetsi amazimazima, kapampu ka mpweya ka mabatire kakhale pafupi.

Yaimuna ndi yaikazi ndingazisiyanitse bwanji kusitolo?
*Wowerenga wa ku Lusaka*

Musavutike nazo. Clownfish sibadwa yaikazi. Gulani ziwiri zazing'ono za mtundu wa ocellaris, ina yokulirapo pang'ono. Yamphamvuyo idzasanduka yaikazi, inzake idzakhala yaimuna. Mukaona yaing'onoyo ikunjenjemera chammbali pamaso pa yaikulu, sikudwala, ikugonja. Zazikulu ziwiri musaziphatikize, chifukwa yaikazi sibwereranso kukhala yaimuna, ndipo zingalumane mpaka ina kufa. Anemone, chamoyo chonga duwa chimene zimabisalamo kunyanja, si chofunikira. Mphika wadothi wogoneka chammbali ndi wokwana.

Zanga zaikira kawiri, mazira aswa bwinobwino, koma tiana tonse timatha pofika tsiku lachitatu. Ndikulakwitsa pati?
*Wowerenga wa ku Leeds*

Tianato tikufa ndi njala. Amene anazolowera mbuna amaona mayi, amene amasunga mazira m'kamwa, akulavula tiana tokhwima kale, totha kudya chakudya chopera. Ta clownfish timaswa tili ndi mamilimita atatu kapena anayi okha, ndipo kayolki, kachakudya ka m'dzira kamene timabadwa nako, kamatha m'masiku awiri kapena atatu. Kukamwa kwake kumangolowa rotifer, tizilombo tamoyo tosaoneka bwino ndi maso. Yambani kuweta rotifer m'ndowa ziwiri, mukuzidyetsa ndere za Nannochloropsis, nsomba zisanaikire n'komwe. Tikuti ziwiri chifukwa ndowa imodzi imatha kungofa usiku umodzi.

Penyetsetsani mazira. Tsiku loyamba amakhala aolenji, yaimuna ikuwakupiza ndi zipsepse n'kumachotsa ofa. Kenako amada. Pofika tsiku la 7 kapena 8 mumaona timaso tasiliva tikunyezimira m'kati: usiku womwewo aswa, ola limodzi kapena awiri nyali zitazima. Madzulo ake nyamulani mphika umene zaikirapo mazirawo muuike m'kathanki ka malita 20 mpaka 40 kodzaza ndi madzi a m'thanki ya makolo, ndipo thovu la mpweya lizidutsa pang'onopang'ono pafupi ndi mazira m'malo mwa zipsepse za bambo. Mukawasiya m'thanki yaikulu, pampu idzameza tiana.

Kathankiko kasakhale ndi sefa. Kaphimbeni m'mbali ndi pepala lakuda ndipo kuwala kuchokere pamwamba, kofooka. Kukawala kwambiri tiana timangozungulira pansi osadya. M'mawa thirani rotifer pafupifupi 10 pa mililita iliyonse, ndi ndere pang'ono mpaka madzi abiriwire. Kamwana kokhuta kamaoneka ndi mimba yotumbika. Tsiku ndi tsiku kokani zinyalala zapansi ndi kapaipi ka mpweya, madzi atsopano muwabwezere modontheza.

Cha pa tsiku lachisanu yambani kuwonjezera brine shrimp, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amchere, zongoswa kumene, koma pang'ono, chifukwa tiana timadya mpaka kufa nazo. Pakati pa tsiku la 8 ndi 12 mzere woyera woyamba umatuluka kuseri kwa mutu. Masiku amenewo musasinthe madzi ambiri nthawi imodzi, chifukwa n'pamene timafa ndi kudzidzimuka.