Kodi Chigoba cha Kachilombo Chingaphe Selo?

Wandilembera kalata mtsikana wina amene akuphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo funso lake ndi lalifupi: ngati mapuloteni omanga thupi la vayirasi ali chabe chigoba chosungiramo majini, zikutheka bwanji kuti aphe selo? Achemwali, funso lanuli landitokosa pachilonda chakale.

Pamene ine ndinkaphunzira zimenezi, mphunzitsi wathu ankadula bolodi pakati ndi choko. Mbali imodzi ankalemba mapuloteni amene amakopera majini ndi kusokoneza chitetezo cha m'thupi. Mbali inayo ankalemba omanga thupi la kachilombo, n'kunena kuti awa ndi njerwa basi, tingoloweza mayina awo tizipita kutsogolo. Tsiku lina ndinakweza mkono kufunsa kuti nanga gp120, puloteni ya kunja kwa HIV, yomwe imayamba kugwira selo kachilombo kasanalowe, ingakhale njerwa bwanji. Anandiyankha kuti zimenezo sizibwera pa mayeso, kalasi yonse n'kuseka. Patapita nthawi ndinakazionera ndekha mu labu. Anali maselo amene anawapangitsa kutulutsa puloteni ya kunja kwa kachilombo yokha, kachilombo kenikeniko kulibe. Anali atamatirirana mpaka kusanduka chiselo chimodzi chachikulu chokhala ndi ma nucleus (timatumba tosunga majini a selo) ambirimbiri, ndipo chiselo chotere sichikhalitsa, chimafa. Ndinalakalaka mphunzitsi uja akanakhala pambali panga.

Umu ndi mmene HIV imachitira. gp120 imagwira CD4 pamodzi ndi CCR5 kapena CXCR4, omwe ndi mapuloteni a kunja kwa maselo ena a chitetezo, kenako puloteni inzake ya gp41 imalumikiza khungu la kachilombo ndi khungu la selo. Selo lomwe lagwidwa kale limavala mapuloteni omwewa kunja kwake, choncho likakhudzana ndi lina labwinobwino limatha kulikokera mu imfa yake. Koma gulu la Warner Greene ku Gladstone Institutes mu San Francisco linaonetsa mu 2010 ndi 2014 chinthu chimene chinandisowetsa tulo. M'tiziwalo ta chitetezo ngati matonsozi, maselo a CD4 oposa 95 pa 100 alionse amene ankafa anali oti kachilombo kanalowamo koma kanalephera kumaliza kukopera majini ake. Selo limazindikira zidutswa za DNA zosamalizikazo kudzera mu puloteni ya IFI16, limadzutsa puloteni ina yotchedwa caspase-1, n'kudziphulitsa. Imfa imeneyi amaitcha pyroptosis, ndipo imaitana maselo ena kuti abwere pamalopo, iwonso n'kugwidwa.

N'chifukwa chake ndimaipidwa ndikamva munthu wophunzira akungoti kachilombo kamapha maselo, n'kulekera pomwepo. Umenewo ndi ulesi. Nthawi zambiri selo limadzipha lokha, ndipo zida zodziphera linabadwa nazo. John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anafotokoza za apoptosis mu 1972, imfa yaudongo imene selo limafwata n'kuduka tizidutswa toti ena ameze. Ndipo tisaiwale kanyongolotsi kakang'ono kotchedwa C. elegans, komwe mwa maselo 1090 amene amapangidwa kakamakula, 131 amafa mwadala nthawi zonse. Sydney Brenner, Robert Horvitz ndi John Sulston analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha kanyongolotsi kameneka. Ndikanakhala wokonza maphunziro, aliyense bwenzi akuyamba ndi iko asanamve n'komwe dzina la vayirasi.

Tsono taonani chiwewe. Mitundu yake yofooketsedwa mu labu imapanga puloteni ya kunja kwa kachilombo, yotchedwa G, yambiri, ndipo maselo amene yalowamo amadzipha msanga, kachilombo n'kuthera panjira. Mitundu yoopsa imapanga G yochepa, imasunga maselo a m'mitsempha ali amoyo kuti iyendemo mpaka ku ubongo. Munthu amamwalira, koma ukaunika ubongo wake supeza maselo akufa ochuluka monga ungayembekezere. Pamenepa wopha selo mwachangu ndiye wofooka. Rubella imapita patali: puloteni ya chigoba chake imakakhala pa mitochondria, tiziwalo topangira mphamvu m'selo, n'kutsekereza puloteni ya selo yotchedwa Bax, yomwe ntchito yake ndi kuboola mitochondria kuti imfa iyambe. Njerwa zake n'ziti zotero?

Palinso timapuloteni ting'onoting'ono toboola. Puloteni ya E ya kachilombo ka SARS ili ndi ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) 76 okha, koma imapanga kabowo kodutsa calcium m'kati mwa selo, zimene zimadzutsa NLRP3, puloteni ya selo yoyambitsa kutupa, ndi kutupitsa mapapo. Gulu la Luis Enjuanes ku Madrid linatseka kabowoko, ndipo mbewa zomwe zinapatsidwa kachilombo kotereka zambiri zinapulumuka ngakhale kachilomboko kankaswanabe. Puloteni ya M2 ya kachilombo ka chimfine nayo ndi kabowo. Za GP, puloteni ya kunja kwa kachilombo ka Ebola, yomwe imachititsa maselo a m'kati mwa mitsempha ya magazi kuzungulira n'kumatuka, ndidzalemba padera.

Zoti mulembe

Pa puloteni iliyonse funsani kuti ikukankhira selo ku imfa kapena ikuichedwetsa, ikutero pa nthawi iti ya matendawo, ndipo imfayo ndi yaudongo kapena yophulika. Mukawerenga kafukufuku, yang'ananinso ngati puloteniyo anaiyesa yokha kapena ili m'kachilombo kathunthu, chifukwa puloteni yodzazidwa mopyola muyezo m'selo la m'mbale imatha kulipha pa zifukwa zimene m'thupi la wodwala sizichitika.