Kachipangizo kothandiza kumva kandiwonongera nyimbo, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito. Kwa zaka zoposa 30 akhala akusonkhanitsa malekodi ndi ma CD, ndipo masipika awo anagula atasunga ndalama chaka chathunthu. Makutu atayamba kuvuta, anapatsidwa tizipangizo tothandiza kumva. Tsopano adzukulu akamalankhula akuwamva bwinobwino, koma gitala akulira ngati chitini, besi yasowa, ndipo kutchalitchi limba likakoka mawu aatali limanjenjemera. Akufunsa kuti: "Kodi tizipangizoti n'tachabe, kapena makutu anga ndiwo atheratu?"

Bambo, ndikuyankhani ngati mnzanu, pakuti nanenso ndavala tizipangizoti zaka 6. Tsiku lomwe ndinafika nato kunyumba ndinaika lekodi yomwe ndakhala ndikuimvera kuyambira ndili mnyamata. Ndinaizimitsa nyimbo yoyamba isanathe, misozi ili lengelenge. Choncho ululu wanuwo ndikuudziwa.

Kachipangizo kanu sikanawonongeke. Anakapangira mawu a munthu wolankhula, ndipo nyimbo ndi nyama ina. Munthu akamacheza nanu, mawu ake amakhala pa madesibelo (muyeso wa mphamvu ya mawu) pafupifupi 65, pomwe bandi yoimba pamaso panu imatha kupitirira 100. Kuchipatala poyeza makutu nthawi zambiri amayambira pa 250 Hz kukalekeza pa 8,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kamvekedwe: ochepa ndi mawu a besi, ambiri ndi mawu a nthetemya), chifukwa m'menemo ndi mmene muli zolankhula. Koma nsambo yaikulu ya gitala wa besi imalira pa 41 Hz, ndipo kiyi yotsikitsitsa ya piyano ili pa 27.5 Hz. Kumunsi konseko kachipangizoka sikalabadira kwenikweni.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ine ndi chimene akatswiri amachitcha compression. Khutu lowonongeka silimva mawu apansipansi, koma mawu okwera limawamva mopweteka msanga. Ndiye kachipangizoka kamakweza zofooka, n'kutsitsa zamphamvu, kangapo pa sekondi imodzi. Pocheza, zimenezi n'zabwino zedi. Koma taganizani kwaya ikuyamba monong'ona, kenaka n'kukwera pang'onopang'ono mpaka tchalitchi chonse kudzaza, thupi n'kuchita tsemwe. Kachipangizoka kamasalaza zonsezo, kunong'ona ndi kufuula kukhala pamlingo umodzi. Mawu a nyimbo mumawamva onse, koma mtima sugunda.

Kunjenjemera kwa limba kuli ndi chifukwa chake. Mukudziwa kulira kuja kwa "tswiii" kumene kachipangizo kamachita mukakaphimba ndi dzanja? M'katimo muli pulogalamu yosaka kulira kumeneko n'kukuzimitsa. Limba kapena chitoliro chikakoka liwu limodzi losalala, pulogalamuyo imaganiza kuti ndi kulira kuja, n'kuyamba kulimbana nalo. Pulogalamu yochepetsa phokoso nayonso imatha kuona liwu lokhalitsa ngati phokoso la fani. Palinso ina yomwe imatsitsira mawu a nthetemya kwambiri pa ma Hz ocheperapo kuti munthu amve zilembo ngati "s". Imeneyo ndiyo mdani wamkulu wa woimba, chifukwa imasuntha mawu pamalo pake, nyimbo n'kumamveka ngati zida sizinachunidwe.

Za besi, tatulutsani kachipangizoko muone kamphira kakumapeto. Ngati kali ndi timabowo, anakuikirani dala kuti mawu anu omwe asamamveke ngati muli m'mgolo. Mukamamvera masipika, besi imalowa yokha kudzera m'timabowomo, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mukamamvera pa Bluetooth, besi yochokera m'kachipangizo imathawira panja kudzera momwemo. Ine ndimasunga timphira tiwiri totseka m'kabokosi ka machesi pafupi ndi wailesi, pa nthawi yomvera pafoni.

Tsono muchite chiyani? Bwererani kwa amene anakuikirani, kapena pitani komwe kuli akatswiri a makutu, monga ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, mukapemphe pulogalamu yapadera ya nyimbo. Tizipangizo tambiri ta masiku ano timalola mapulogalamu angapo osintha ndi batani. Mu pulogalamu ya nyimboyo azimitse yochepetsa phokoso ndi yotsitsa mawu a nthetemya, achepetse yozimitsa kulira kuja mpaka pomwe kachipangizo sikakulira kokha, compression aifewetse, ndipo maikolofoni azimva mbali zonse. Musachite manyazi ngati mukuvutitsa anthu. Ku University of Leeds ku Britain anachita kafukufuku wathunthu wotchedwa Hearing Aids for Music, wotsogozedwa ndi Alinka Greasley, chifukwa odandaula ngati inu ndi ambiri.

Pali nzeru ina yosafuna ndalama, yomwe katswiri wa ku Toronto, Marshall Chasin, wakhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri. Tizipangizo tambiri, makamaka takale, timasokoneza mawu akangolowa opitirira madesibelo pafupifupi 95, ndipo mawu akawonongekera pakhomo palibe pulogalamu yomwe ingawakonze m'kati. Choncho tsitsani voliyumu ya amplifaya, mukweze ya kachipangizo. Ife okonda nyimbo dzanja limathamangira kukweza wailesi, koma apa n'zosiyana. Kumalo komwe simungatsitse, monga kutchalitchi, iye amati mumate selotepi katatu kapena kanayi pamwamba pa timaikolofoni, mawu olowa amatsika ndi madesibelo pafupifupi 10. Ndinayesa pa ukwati wa mphwanga, ndipo ng'oma zinasiya kusweka m'khutu.

Sindikunamizani, bambo: timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kuwala kuja kwa maseche kumene munkakumva muli ndi zaka 25 sikubwerera konse. Ubongo umafunanso nthawi, ndiye yambani ndi nyimbo za chida chimodzi kapena ziwiri, zomwe mumazidziwa pamtima, mphindi 20 madzulo aliwonse. Ine zinanditengera miyezi ingapo kuti ndibwerere ku makwaya akuluakulu.

Popita kuchipatalako, tengani nyimbo zitatu pafoni ndi kasipika kakang'ono: ina ya limba, ina ya besi yamphamvu, ina ya kwaya yoyamba monong'ona. Aziseweretsa uku akusintha, inu n'kumawauza pomwepo zomwe mukumva. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kudziwa ngati limba lija lasiya kunjenjemera.