Sizasi yodula DNA imadziwa bwanji podula?

Funso: Akulu ine zandibalalitsa. Aphunzitsi akuti kuli ma enzyme odula DNA ngati sizasi, koma DNA-yo ndi yaitali zedi, ndiye amadziwa bwanji poti adule? Ali ndi maso kapena?
Mtsikana wa Fomu 4, Zomba

Yankho: Maso alibe achemwali, nkhani ndi kaumbidwe basi, ngati kiyi ndi loko. Ma restriction enzyme amenewa eni ake ndi mabakiteriya, ndi chida chawo chomenyera mavairasi, vairasi ikangolowetsa DNA yake mkati enzyme imaikhadzulakhadzula isanayambe kuswana.

Paja DNA ndi zingwe ziwiri zopotana ngati chingwe cha khonje, zilembo zake zinayi, A kugwirana ndi T, G kugwirana ndi C. Tengani enzyme yotchedwa EcoRI, yochokera mu bakiteriya wotchedwa E. coli. Imakakamira pa DNA nkumatsetsereka kusakasaka mpaka itapeza GAATTC, chilembo chimodzi chikasiyana imangodutsa. Tsono apa mpamene pamandikomera ine. Tengani bolopeni mulembe chingwe chachiwiri pansi pake, mupeza CTTAAG, kenako muwerenge chobwerera mmbuyo, ndi GAATTC yomwe ija! Si mwangozi ayi, enzyme-yi ili ndi mbali ziwiri zofanana ngati mapasa, aliyense amagwira chingwe chake nkudula pakati pa G ndi A, bola pakhale magnesium. Ndiye poti malo odulawo sanayang'anizane, mbali zonse kumatsala kamchira ka AATT kali lendelende. Timichira timeneti amati ma sticky end, chifukwa timagwirana ndi chidutswa chilichonse chodulidwa ndi EcoRI, kaya ncha munthu kaya ncha bakiteriya. Ina yotchedwa SmaI ilibe zimenezo, imadula CCCGGG pakati penipeni osasiya mchira.

Nanga bwanji bakiteriyayo sadzidula yekha? Pa GAATTC wake amamatapo kachizindikiro, ka methyl, ngati muja timamangira kansalu kumwendo kwa nkhuku kuti isasokonezeke ndi za aneba. Enzyme ikafika pamenepo kiyi salowa, imapitirira.

Werner Arber, Daniel Nathans ndi Hamilton Smith analandira Nobel mu 1978 pa ntchito imeneyi, ndipo pofika 1982 odwala shuga anayamba kubayitsa insulin wopangidwa ndi mabakiteriya oikidwa jini ya insulin wa munthu, kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira insulin. Koma pa mayeso musadzalembe kuti sizasi yomweyo imalumikizanso, chonde. Yosoka ndi ina, dzina lake ligase.