Iwe msuweni, za sikani ija

Eee msuweni, ndamva funso lako lija, ati kodi sikani ya pamimba imapweteka. Iwe? Iwe amene unkasenza thumba la kachewere kuchoka pa Lizulu osatula? Usandinamize ine, si ululu ukukuopsa.

Kupweteka ayi. Amakupaka jelo wozizira ngati madzi a mu June, kenako kachipangizo kaja amakayendetsa pansi pa mchombo, iwo maso ali pa sikirini. Palibe singano, palibenso cheza choopsa cha X-ray, ndi yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Kungoti umwe madzi usakodze, chikhodzodzo chikadzaza m'pamene chiberekero chimaoneka bwino.

Ndi pomwe panawavuta amalume paja, ukukumbuka? Nthawi ya vuto la mkodzo lija... ayi, isanachitike nkhani ya mbuzi. Anawauza kuti imwani madzi, iwo n'kupapira chigubu chonse, ati Mngoni sachita zinthu mwatheka. Mzere utali wake, iwo ndi jekete lawo lija pa benchi, mwendo uku mwendo uku, thukuta kamukamu. Zitafika posauzana anathamangira kuchimbudzi, akungotulukamo dzina lawo likuitanidwa. Adokotala amvekere, bambo mulibe kanthu umu, kamweninso. Mpaka lero amati anawachita dala, hahaha, azakhali asamve izi.

Ndimati chani... eya. Iwe ukuopa kuti akapeza chotupa ndiye kuti khansa, ndiye akuchotsa chiberekero. Ukuganiza za agogo, ndikudziwa. Tamvera, zotupa zambiri za m'munsimu si khansa. Mafayibroyidi ndi nyama yomera pachiberekero, azimayi ambiri ali nawo osadziwa n'komwe. Zina ndi timatumba ta madzi pomwe pamachokera mazira, pa sikirini timaoneka takuda bii, tambiri timaphwa tokha, amangoti mubwerenso pakatha miyezi 2 kapena 3 tidzaone. Chikaoneka cholimba, chosakanikirana nyama ndi madzi, m'pomwe amakutumiza ku Central ku Lilongwe, komabe sikani payokha singagamule kuti khansa mpaka kanyama katayezedwa ku labu.

Oo, nthawi zina amaunikiranso kudzera njira ya abambo kuti aonere pafupi, usadzidzimuke, amayamba akufotokozera.

Ndiye sikani n'kuona chabe, tsiku limenelo palibe akuchotse kanthu. Chotupa si khansa... aa, ndinene bwino, si chotupa chilichonse chili khansa, wamva? Pita Lolemba lomweli, zoti ndikolole kaye ayi. Ukatuluka undiimbire ine, usayambe kulemba pagulu pano, ena aja angakonzeretu maliro.