Mizere yakuda m'tchipisi: nkhondo yake ndi ya kachilombo kouluka

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti mbatatesi zake akazikazinga zikutuluka mizere yakuda ndipo zikumawawa, pomwe kumunda masamba a kunsonga anali opindika ndi ofiirira. Akufunsa mankhwala oti apopere kuti mbewu zodwalazo zichire.

Pepani ndithu, nkhaniyi ndi yopweteka kwa mlimi. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi matenda otchedwa zebra chip, ndipo mbewu ikagwidwa nawo siichira. Matendawa anaoneka koyamba ku Mexico mu 1994, anafika ku Texas mu 2000, ndipo mu 2008 anapezeka ku New Zealand. Tumizani mbatatesi zingapo kulabotale kuti mutsimikize, poti pali matenda ena ofanana nawo.

Amawayambitsa ndi mabakiteriya a Liberibacter, omwe amakhala m'timitsempha toyendetsa chakudya m'mbewu, momwe mankhwala opopera safika. Amasokoneza mbatatesi mpaka shuga kuchuluka, ndipo shugayo ndiye amapserera m'mafuta n'kusiya mizere ija. Munthu akadya sadwala, koma wogula sangabwerenso.

Mabakiteriyawa sayenda okha. Amawanyamula ndi kachilombo kotchedwa psyllid, kotalika mamilimita osaposa atatu, komwe kamayamwa madzi a m'masamba. Zizindikiro zimaoneka patapita milungu pafupifupi itatu chilumireni, ndiye mukamaona masamba akupindika, kachilombo kaja kagwira kale ntchito yake. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuzonda munda mbewu zikangomera. Ikani timapepala tachikasu tomata m'mphepete mwa munda, poti n'kumene kamayambira. Sabata iliyonse tembenuzani masamba muone kunsi kwake ndi galasi lokulitsa zinthu. Mazira a kachilomboka ndi achikasu, lililonse lili pa kaphesi kake m'mbali mwa tsamba. Ana ake ndi aphwatalala ndipo amagwetsa timibulu toyera ngati shuga.

Zulani mbatatesi zomera zokha ndi zitsamba zapachibale nazo, ndipo muziyang'ananso tomato ndi tsabola, chifukwa kamaswananso momwemo.

Pa za mankhwala, chonde musamangothira aliwonse. Opha chilichonse, monga a gulu la pyrethroid, amamaliza tizilombo todya psyllid, iye n'kuchulukirachulukira. Sankhani omwe amalimbana ndi iyeyo, muziwasinthasintha kuti asazolowere, ndipo muzipopera kunsi kwa masamba. Ngati munda wanu ndi waung'ono, ukonde wa timabowo ting'onoting'ono wophimba mizere yonse, womwe unayesedwa ku New Zealand, umatchinga kachilomboka popanda kupopera.